Zofulumizitsa Posandutsa Mpweya Kukhala Mwala

Mwana wa sukulu akauzira mpweya wa m'kamwa m'madzi a laimu kupyolera m'kabango, madziwo amayera ngati mkaka. Chimene chimawayeretsa ndi timibulu ta mwala, wamtundu womwewo umene umapanga chigoba cha nkhono ndi cha dzira. Mpweya wa kaboni dayokisaidi umene mwanayo watulutsa wagwidwa ndi kalisiyamu, ndipo wasanduka chinthu cholimba. Akatswiri akufuna kuchita zomwezi ndi utsi wa m'mafakitale, pakuti mpweya umenewu ndiwo gwero lalikulu la kutentha kwa dziko. M'chaka cha 2023 chokha, malasha, mafuta ndi gasi zinatulutsa matani a mpweyawu oposa 35 biliyoni.

Chovuta ndi kuchedwa. Mpweyawu uyenera kuyamba walumikizana ndi madzi ndi kukhala asidi wofooka, kenaka nkukumana ndi kalisiyamu kapena maginiziyamu. Miyala ya padziko imagwira ntchito imeneyi mwa iyo yokha, koma imatenga zaka zikwizikwi.

Apa ndi pamene pafunika chofulumizitsa. Liwuli likuimira chinthu chimene chimathamangitsa kulumikizana kwa zinthu zina, koma icho chosatha ndiponso chosasandulika. Chili ngati nkhoswe: imamanga ukwati wa ena, iyo nkutsala monga inalili, yokonzeka kukamanganso wina.

Chofulumizitsa chodziwika bwino chili m'magazi a munthu aliyense. Dzina lake ndi carbonic anhydrase, ndipo Norman Meldrum ndi Francis Roughton a ku Cambridge anachifotokoza m'chaka cha 1933. Pakati pake pali kachitsulo ka zinki. Kachidutswa kake kamodzi kangathe kulumikiza ndi madzi tizigawo ta mpweyawu tofika 1 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo popanda icho thupi likadalephera kutaya mpweya woipawu pa liwiro loyenera. Tsoka lake nlakuti chinazolowera kufunda kwa thupi. Chikaikidwa pa utsi wotentha wa fakitale chimaonongeka msanga, komanso mtengo wake ndi wokwera.

M'chaka cha 2013, Gaurav Bhaduri ndi Lidija Šiller a pa yunivesite ya Newcastle analengeza kuti fumbi losalala kwambiri la chitsulo cha nikelo limagwiranso ntchito yomweyi. Nzeruyi inachokera pofufuza kanyama ka m'nyanja yamchere kokhala ndi minga ngati nungu, kamene kamamanga chigoba chake ndi mwala womwe uja. Ubwino wa nikelo ndi wakuti amakokeka ndi maginito, motero angathe kuvuulidwa m'madzi ndi kugwiritsidwanso ntchito. Komabe chofulumizitsa sichibala kalisiyamu. Ameneyo ayenera kuchokera kwina, ndipo mfundo iyi imaiwalika kawirikawiri nkhanizi zikamasimbidwa.

Ku Iceland anatsata njira ina, yosalira zofulumizitsa zotere. M'chaka cha 2012, a Carbfix anasungunula mpweyawu m'madzi pa malo opangira magetsi a Hellisheiði, naupopera pansi, m'miyala yakuda ya basalt yochokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika. Miyala imeneyi ili ndi kalisiyamu, maginiziyamu ndi chitsulo wambiri. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti magawo oposa 95 mwa 100 alionse a mpweyawo anali atasanduka mwala zaka ziwiri zisanathe. Njirayi imadya madzi: tani imodzi ya mpweya inkafuna matani a madzi pafupifupi 25.