Mphaka wa Ubweya Wautali wa ku Persia

M'phunziro lathu la ziweto lero tikamba za mphaka, amene ena a inu mumamucha cona kapena pusi. Mphaka wa pamudzi mumamdziwa bwino. Ubweya wake ndi waufupi, thupi lake ndi lopepuka, ndipo nchito yake ndiyo kulonda nkhokwe kuti makoswe asathe cimanga. Koma kuli mtundu wina umene anthu a m'maiko ambiri amaweta, wochedwa mphaka wa ku Persia. Ameneyu samsungira makoswe ai. Amamsunga cifukwa ca kukongola kwake ndi kufatsa kwake.

Persia ndi dzina lakale la dziko la Iran. M'caka ca 1620 mlendo wina wa ku Italy, dzina lake Pietro della Valle, analemba za amphaka a ubweya wautali amene anaona m'dzikolo. Patapita zaka zambiri, mu 1871, mumzinda wa London munacitika cionetsero cacikuru ca amphaka m'nyumba ya Crystal Palace, ndipo amphaka a mtundu umenewu anali pakati pa oonetsedwawo. Kuyambira pamenepo mbiri yao inawanda, ndipo oweta a ku Britain ndi ku America anayamba kusankha amphaka okwatitsa kuti ana azibadwa ndi maonekedwe amene iwo afuna. Kotero mphaka amene timamuona lero dzina analitenga ku Persia, koma thupi lake linaumbidwa ndi oweta a kutsidya kwa nyanja.

Yerekezani kuti mphakayo ali pamiyendo panu. Ubweya wake ndi wofewa ngati thonje, wowirira m'khosi ndi kumcira. Mutu ndi wobulungira, maso akuluakulu, makutu aang'ono, miyendo yaifupi. Ena ndi oyera mbee, ena akuda bii, ena otuwa, ena a mawangamawanga. Koma cimene mabanja amamkondera koposa ndi mtima wake. Sakonda kukwera pamwamba kapena kuyendayenda usiku, ndipo liu lake ndi laling'ono. Amakhala phee pambali pa munthu, kulola kusisitidwa. Kwa nkhalamba yokhala yokha ndi bwenzi losatopetsa, ndipo kwa mwana wodekha ndi mnzake wabwino. Phokoso ndi kukokedwa mcira ndizo zimene sagwirizana nazo.

Nanga ubweya wautaliwo umacokera kuti? Mwana wa mphaka amalandira cibadwa kwa atate ake ndi kwa amake, monga momwe inu munatengera makolo anu. Cibadwa ca ubweya waufupi ndi camphamvu, cimaphimba cinzake. Ubweya wautali umaoneka pokhapokha mwanayo akautengera mbali zonse ziwiri. Ndico cifukwa cake amphaka awiri a ubweya waufupi, ngati onse asunga cibadwaco mobisika, angathe kubala mwana wa ubweya wautali, kawirikawiri mmodzi mwa ana anai alionse.

Tsono akuluakulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mphaka wa pamudzi amadzisambitsa yekha ndi lilime lake lokhakhala, ndipo zimamkwanira. Wa ku Persia sangathe. Ubweya wake umamangana mfundo kukhwapa, kumimba ndi kuseri kwa makutu. Mfundozo zimakoka khungu, zimabisa utitiri, ndipo zikakhalitsa zimayambitsa zironda. Akatuluka panja amabwerako atadzaza cisoso thupi lonse. Podzinyambita amameza ubweya wambiri, umene umaunjikana m'mimba ndi kumsanzitsa. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: cipeso, tsiku ndi tsiku, mosadumphitsa. Muyambe kumpesa akali mwana kuti azolowere, mupese pang'onopang'ono kutsata kumene ubweya wagonera, ndipo mfundo muimasule ndi zala, osaikoka. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bvuto lacikuru liri kunkhope. Oweta ena anakondwera ndi amphaka a mphuno yophwathalala, nawasankha mibadwo ndi mibadwo mpaka nkhope inafupika kopitirira. Mphaka wotere amapuma mobvutika, misozi imangotsika m'masaya, ndipo mano ake sakumana bwino potafuna. Ambiri a mtundu umenewu amabadwanso ndi nthenda ya impso, imene imameretsa timatumba ta madzi m'kati mwa impsozo, ngakhale kuti masiku ano madokotala a ziweto amatha kupima makolo asanawakwatitse. Cifukwa cake munthu wanzeru amasankha mphaka wa mphuno yoonekera bwino, wopuma mosalira m'mphuno, wa maso oyera.

Ganizirani tsopano za dziko lathu. M'mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale agalu amafuna mthunzi, mphaka ameneyu amakhala ngati munthu wofunda gombeza masana. Thukuta la mphaka limatulukira makamaka kumapazi, ndipo wa mphuno yaifupi amabvutika koposa ndi kutentha. Afunika malo ozizira m'nyumba ndi madzi abwino nthawi zonse. Cakudya cake ceniceni ndi nyama ndi nsomba, pakuti nsima yokha simkwanira, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Monga mphaka wina aliyense, afunika katemera wa ciwewe. Wosamalidwa bwino angakhale ndi moyo zaka zoposa 12. Mwana amene amlandira ali mu Giredi 1 angatsirize sukulu ya sekondale mphakayo akali kuyembekeza cipeso m'mawa uliwonse.

Anthu ndiwo anampatsa mphakayu maonekedwe amene ali nao, ndipo pomkongoletsa anamlanda mphamvu zodzisamalira. Kotero banja lofuna kumweta liyambe ladzifunsa: kodi adzampesa ndani? Kodi ndalama za cakudya ndi za dokotala zidzapezeka? Ngati yankho palibe, ndi bwino kusunga cona wathu wa pamudzi, amene nayenso amazolowera munthu womkonda, ndipo nkhokwe amalondanso.

Aphunzitsi, kambiranani ndi ana mafunso awa:

1. Kodi dziko la Persia limachedwa ciani masiku ano? Lipezeni pamapu.
2. Chulani zinthu zitatu zimene zimakopa anthu mwa mphaka ameneyu.
3. Fotokozani cifukwa cake afunika kupesedwa tsiku ndi tsiku.
4. Kodi pakhomo panu pali ciweto cimene cimadalira inu? Lembani zimene mumacicitira kuyambira m'mawa kufikira madzulo.

Tsalani bwino, ana inu, mpaka sabata la mawa.