Kayesedwe ka Mafuta Odzola ndi Zophodaphoda

Kayesedwe ka mafuta odzola ndi ntchito imene akatswiri amagwira pofuna kudziwa ngati mafuta, sopo, phoda ndi zina zopaka pakhungu zili zoyenera kugwiritsa ntchito. Ogwira ntchitoyi ndi madokotala a matenda a pakhungu, akatswiri a kasakanizidwe ka mankhwala, mabungwe oona za miyezo ndiponso mabungwe oteteza ogula. Akamaliza kuyesa amapereka malikisi, nyenyezi kapena chilolezo choti katunduyo agulitsidwe.

Kuyesaku kumayankha mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti kodi mafutawo sangavulaze munthu, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi amachitadi zimene zalembedwa pabotolo. M'mayiko olemera anthu amakambirana kwambiri funso lachiwiri. M'misika ya ku Malawi, monga wa Kamwendo m'boma la Mchinji, kumene kumafika katundu wochokera m'mayiko osiyanasiyana, funso loyamba ndi limene lili lofunika koposa.

Mitundu ya zodzola

Kudzola si chinthu chachilendo pakati pa Achewa. Makolo ankakazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa kuti apeze mafuta odzola m'thupi ndi odzoza ana. Mafuta a m'mabotolo anabwera pambuyo pake ndi amalonda. Ena mwa odziwika kwambiri ndi Vaseline, amene Robert Chesebrough wa ku America anawalembetsa m'chaka cha 1872.

Zodzola za masiku ano zingagawidwe m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la zotsukira khungu, monga sopo. Lachiwiri ndi la zofewetsa khungu, monga Vaseline, glycerine ndi maloshoni, zimene zimagulidwa kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu ndi mphepo zimatuwitsa khungu ndi kung'amba mapazi. Lachitatu ndi la mafuta oteteza ku dzuwa. Lachinayi ndi la zophodaphoda, zimene ntchito yake ndi kukongoletsa basi.

M'gulu lachinayili muli primer, mafuta opyapyala amene amapakidwa kumaso munthu asanapake foundation kapena phoda. Ambiri amakhala ndi silicone wotchedwa dimethicone, amene amasalaza timabowo ndi timizere ta pakhungu, ndipo ena amakhala ndi silica amene amamwa mafuta otuluka m'khungu kuti nkhope isanyezimire. Okonza akwatibwi m'masaluni amadalira primer kuti phoda asasungunuke ndi thukuta pa chinkhoswe kapena pa ukwati wa m'mwezi wa Okutobala. Komabe primer sachiza ziphuphu kapena zipsera. Amangobisa kwa maola angapo, ndipo amachoka munthu akasamba.

Mmene akatswiri amayesera

Choyamba akatswiri amawerenga mndandanda wa zinthu zimene zasakanizidwa. Malamulo a mayiko ambiri amati mndandandawu uyambe ndi chinthu chochuluka kwambiri ndi kutsika mpaka pa zochepa. Choncho mafuta amene patsogolo pa botolo ajambulapo mapeyala kapena karoti, koma dzina la chomeracho lili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, ali ndi kachigawo kochepa chabe ka chomeracho.

Chachiwiri ndi kupima mu labotale. Kumeneko amafufuza ngati muli tizilombo toyambitsa matenda, zitsulo zoopsa monga mercury ndi mtovu, kapena mankhwala amene sanatchulidwe pabotolo. Amasunganso mafutawo pamalo otentha kwa milungu kapena miyezi ingapo kuti aone ngati angalekane, kusintha mtundu kapena kuyamba kununkha.

Chachitatu ndi kuyesa pa anthu odzipereka. Mafuta pang'ono amamatidwa pamsana kapena pamkono ndi pulasitala kwa maola 24 mpaka 48, kenako dokotala amaona ngati pafiira, patupa kapena pakuyabwa. Pali makina, monga Corneometer, amene amayeza chinyezi cha khungu munthu asanadzole ndiponso atadzola. Poyesa primer, odzipereka amaphoda nkhope ndi kujambulidwa pakapita maola angapo, ndipo kawirikawiri mbali imodzi ya nkhope imapakidwa primer pamene inayo sipakidwa, kuti kusiyana kuoneke. Mayiko a European Union analetseratu mu 2013 kugulitsa zodzola zimene zayesedwa pa nyama.

Amene amapereka malikisi

Pali mabungwe oima paokha amene amagula katundu m'sitolo ngati munthu wamba, kumuyesa ndi kufalitsa zotsatira. Odziwika ndi Consumer Reports la ku America, limene linayamba mu 1936, Which? la ku Britain, limene magazini yake inayamba mu 1957, ndi Stiftung Warentest la ku Germany, lokhazikitsidwa mu 1964. Mabungwewa salandira zotsatsa malonda za makampani, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. Phindu la ntchito yotereyi linaoneka mu 2025 pamene bungwe la CHOICE ku Australia linayesa mitundu 20 ya mafuta oteteza ku dzuwa ndi kupeza kuti 16 sinafike pa mlingo umene unalembedwa pabotolo.

Malikisi ena amaperekedwa ndi magazini, masitolo a pa intaneti ndi anthu otchuka pa Facebook, TikTok ndi YouTube. Ambiri mwa iwowa amapatsidwa katunduyo mwaulere kapena amalandira gawo la ndalama munthu akagula. Mawu ena olembedwa pamabotolo, monga akuti mafutawo anayesedwa ndi dokotala wa khungu, sanena kuti dokotalayo anapeza chiyani kapena anayesa anthu angati.

Malikisi ochokera kunja ali ndi malire ena kwa wogula wa ku Malawi. Mu 1975 dokotala wa ku America, Thomas Fitzpatrick, anayambitsa kagawidwe ka khungu malinga ndi mmene limapsera ndi dzuwa, ndipo lero kali ndi magulu 6. Amalawi ambiri ali m'gulu la 5 ndi la 6, koma zodzola zambiri zakhala zikuyesedwa makamaka pa anthu a khungu loyera. Primer kapena mafuta okhala ndi zinc oxide ndi titanium dioxide akhoza kupatsidwa nyenyezi zonse ku London, koma pakhungu lakuda n'kusiya mbuu ngati phulusa. Nyengo nayo imasiyana, ndipo mafuta oyenera dziko lozizira akhoza kukhala olemera kwambiri m'dzuwa la chilimwe.

Mafuta oyeretsa khungu

Mafuta amene akatswiri amada nawo nkhawa kwambiri mu Africa ndi oyeretsa khungu. Khungu limada chifukwa cha utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, umene umalitetezanso ku cheza cha dzuwa. Mafutawa amachepetsa utotowu, ndipo pali zinthu zitatu zimene zimapezekamo kawirikawiri.

Choyamba ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti chimawononga impso ndi mitsempha ya m'thupi, ndipo chimayambitsa zilonda ndi zipsera. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akhoza kupatsira mwana wake, ndipo a m'nyumba akhoza kuchitenga kudzera pa matawulo ndi zofunda. Pabotolo chimalembedwa ndi mayina monga calomel, mercurous chloride kapena Hg, koma nthawi zambiri sichilembedwa n'komwe. Pangano la mayiko la Minamata, limene linavomerezedwa mu 2013 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2017, linaika malire a gawo 1 pa magawo 1,000,000. Mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana ku Geneva kuti pofika 2025 zodzola zilizonse zothiridwa mercury zisapangidwenso kapena kudutsa malire. Dzina la panganoli ndi la tauni ya ku Japan kumene matenda obwera ndi mercury anadziwika mu 1956.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwalawa pochiza mabala akuda a pakhungu kwa miyezi yochepa, wodwala akuyang'aniridwa. Munthu akamadzola kwa zaka, khungu limayamba kuda mwamathothomathotho, makamaka m'masaya ndi pamphumi. Vutoli limatchedwa ochronosis ndipo ndi lovuta kuchiza. Madokotala a ku South Africa analifotokoza mu 1975 ataliona mwa amayi ambiri, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzola mu 1990. Mayiko a European Union anachita chimodzimodzi mu 2001, ndipo Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda nawonso anaika ziletso pa mafuta oyeretsa khungu.

Chachitatu ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Amenewa ndi mankhwala enieni a matenda ena a pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala, koma anthu amawagula m'timachubu ndi kuwasakaniza ndi loshoni. Masabata oyamba khungu limaoneka losalala ndi loyera. Kenako limapyapyala, limachita mizere yong'ambika, mitsempha imaonekera, ziphuphu ndi chipere zimachuluka, ndipo bala limachedwa kupola. Akalowa ambiri m'magazi akhoza kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu akasiya mwadzidzidzi khungu limayabwa ndi kutentha, zimene zimamubwezeranso ku mafuta omwewo. N'chifukwa chake wofuna kusiya amalangizidwa kupita kuchipatala.

Mafuta oteteza ku dzuwa

Mphamvu ya mafutawa imalembedwa ndi zilembo za SPF ndi nambala. Poyesa, akatswiri amapaka mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya msana wa anthu osachepera 10, kenako amawaunika ndi nyali ya cheza cha dzuwa ndi kuona nthawi imene khungu layamba kufiira. SPF 15 amatchinga pafupifupi 93 peresenti ya cheza chowotcha khungu, SPF 30 amatchinga 97 peresenti, ndipo SPF 50 amatchinga 98 peresenti. Anthu ambiri amapaka ochepa kuposa mlingo wa mu labotale, choncho chitetezo chimene amapeza chimakhala chotsika.

Ku Malawi nambala imeneyi ndi nkhani ya moyo kwa anthu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo 134,636. Khungu lawo lili ndi melanin wochepa kwambiri kapena lilibe, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene imapha ambiri akadali achinyamata. M'boma la alimi ngati Mchinji, kumene anthu amatha tsiku ali m'munda wa mtedza, soya, chimanga kapena fodya, chiopsezocho n'chachikulu. Kwa iwo madokotala amalimbikitsa mafuta a SPF 50 kapena kuposerapo, chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali. Bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi lakhala likupempha kuti mafutawa azipezeka nthawi zonse m'zipatala za boma. Mafuta achinyengo kapena otha mphamvu amamusiya munthu padzuwa akuganiza kuti watetezeka.

Kuyang'anira zodzola ku Malawi

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, ndi limene limaika miyezo, kuyesa katundu wopangidwa m'dziko muno ndi kuyendera wolowa pa zipata za m'malire. Mafuta okhala ndi mankhwala monga steroid ali m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Madandaulo a ogula amalandiridwa ndi Competition and Fair Trading Commission komanso Consumers Association of Malawi.

Kamwendo ali pa msewu wa M12, umene umachokera ku Lilongwe kudutsa pa boma la Mchinji mpaka pa chipata cha Mwami, polowera ku Chipata m'dziko la Zambia. Pa Kamwendo pomwepo pamapatukira msewu wopita ku Kasungu. Malowa amakumanitsa amalonda ochokera mbali zonsezi, ndipo zodzola zimafika m'magolosale, m'maokala ndi pa mabenchi a mumsika. Katundu wodutsa pachipata akhoza kuyenderedwa, koma malire a Malawi ndi Zambia ndi aatali ndipo ali ndi njira zambiri zachidule za njinga ndi njinga zamoto. Timachubu ndi timabotolo n'tosavuta kubisa m'chikwama.

Pali zinthu zinanso zimene malikisi a akatswiri sangazione. Mafuta ena amagawidwa m'timabotolo topanda dzina kuti atsike mtengo. Ena amasakanizidwa ndi wogulitsa yekha. Ena ndi otsanzira dzina la kampani yodziwika, ndipo ena amakhala padzuwa tsiku lonse kwa miyezi. Chigamulo cha mu labotale chimanena za botolo lenileni, lotsekedwa ndi losungidwa bwino, osati chilichonse chokhala ndi dzina lofanana nalo.

Zimene wogula angaone yekha

Botolo lodalirika limakhala ndi dzina ndi adiresi ya opanga, mndandanda wa zosakaniza, nambala ya gulu limene linapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu. Mabotolo ambiri ali ndi kachithunzi ka chibekete chotsegula ndi nambala monga 12M, kutanthauza kuti mafutawo agwiritsidwe ntchito m'miyezi 12 chitsegulireni. Mafuta olonjeza kuyeretsa khungu m'masiku ochepa ndi ofunika kuwakayikira, chifukwa zinthu zimene zimasintha khungu mofulumira chotero kawirikawiri ndi zitatu zomwe zafotokozedwa pamwambazi.

Mafuta atsopano ndi bwino kuyamba kuwapaka pang'ono mkati mwa mkono kwa masiku angapo asanafike kumaso. Khungu likatupa, kuyabwa kapena kusintha mtundu, munthu apite kuchipatala atatenga botololo kuti achipatala aone zimene zilimo. Anthu a ku Kamwendo amathandizidwa m'zipatala zazing'ono za m'deralo ndi pa chipatala cha boma cha Mchinji, ndipo matenda ovuta amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kukwera mtengo si umboni wa ubwino: Vaseline ndi glycerine, zimene zili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri, ndi zina mwa zimene madokotala a khungu amavomereza pa khungu louma ndi mapazi ong'ambika.