Kufotokoza za Mvula ndi Kusefukira kwa Madzi m'Chichewa

Chenjezo la a zanyengo kawirikawiri limafika kwa mlembi lili m'Chingerezi, lodzala ndi manambala. Alembi ambiri amangolitembenuza liwu ndi liwu nalemba kuti kugwa mvula yokwana mamilimita 100. Chiganizo chotere sichiphwanya lamulo lililonse la kalembedwe, koma sichimuuza mlimi wa ku Makhanga kapena ku Nchalo ngati ayenera kusamuka kapena kugona.

Mlembi ayambe wamvetsa yekha muyesowo. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe. Motero mamilimita 100 ndi zidebe zisanu za malita 20 zokhuthulidwa pa kamalo kosakwana mkeka umodzi. Wowerenga akaona zidebezo m'maganizo mwake, mlembi amuuze kuti madzi otero akugwa pa kamalo kalikonse m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo, ndipo ochuluka mwa madziwo alowera kuchigwa.

Apa mpamene afotokoze chifukwa chake ku Nsanje madzi angasefukire kumwamba kuli ngwee. Mtsinje wa Ruo, wochokera ku Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo. Ukadzaza, umatsekereza Shire monga ngolo ziwiri zokumana pa mlatho wopapatiza, ndipo madzi amabwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yoyandikana nalo. Fanizo lotere liyenera kuchokera m'zinthu zimene wowerenga amaziona tsiku ndi tsiku.

Liwu lina lofunika kulisamala ndi "mwayi". Timamva pa wailesi kuti pali mwayi woti madzi asefukira. M'Chichewa mwayi ndi chinthu chabwino. Palibe amene amachita mwayi nyumba yake ikakokoloka. Nkoyenera kulemba kuti "nkutheka kuti" kapena "pali chiopsezo choti".

Liwu loti "namondwe" lokha lagwira bwino ntchito. Ndi lakale m'chiyankhulo chathu, ndipo pa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anthu analimva popanda wowamasulira. Komabe akonzi akumbukire kuti ku Chikwawa ndi Nsanje ambiri amayankhula Chisena ndi Chimang'anja pakhomo. Nkhani isanasindikizidwe, aiwerenge mokweza kwa munthu wa kumeneko, kenako amufunse kuti abwereze zimene wamva.