CIMFINE NDI MAI WAPAKATI

Cisanu cikafika m'miyezi ya June ndi July, cimfine cimalowa nyumba ndi nyumba. Tsono ambiri amafunsa kuti, "Kodi mai wapakati akadwala cimfine, mwana ali m'mimbayo apwetekedwa?"

Cimfine cimadza ndi tizirombo tating'onoting'ono tochedwa mavairasi, timene tilowa m'mphuno pamene wodwala ayetsemula kapena kutsokomola pafupi nafe. M'mwazi mwathu muli asilikali amene nchito yao ndiyo kumenyana ndi tizirombo. Mamina ndi kutentha thupi ndizo zizindikiro zakuti nkhondoyo yayamba. Kawirikawiri asilikali amapambana m'masiku 7 kufikira 10.

Koma mkazi akaima, asilikali ace amasintha kamenyedwe kao. Mwana atengako kwa atate wace, cotero m'thupi la amace iye ali ngati mlendo. Asilikali ayenera kumlandira mlendoyu osamcita coipa, cikhalirenico akulondabe mudzi. Cimfine wamba amacigonjetsa ndithu, ndipo mwana sabvulala naco. Ndiponso zida zimene mai wasula polimbana ndi matenda zimapita kwa mwana kupyolera m'nsengwa, makamaka m'miyezi itatu yotsiriza, ndipo zimamchinjiriza akabadwa.

Coopsa ndi fuluwenza. Mimba ikakula imakankha mapapo, pomwe mai afuna mpweya wambiri kuposa kale. Cifukwa cace matenda akatsikira m'cifuwa asanduka cibayo msanga. Pa miliri ya fuluwenza ya 1918, 1957 ndi 2009, akazi apakati anadwala kolimba ndipo ambiri anafa.

Nanga ticite ciani? Mai wacimfine apumule, amwe madzi ambiri, adye bwino, ndipo asakhalitse mu utsi wa m'khichini. Abambo, musamlole kukatunga madzi kapena kusenza nkhuni masiku amenewa. Mankhwala monga penisilini sapha mavairasi, cotero musagule mankhwala pamsika osafunsa adokotala kapena anamwino.

Koma mupite naye kucipatala tsiku lomwelo mukaona izi: thupi latentha kwambiri, akubanika popuma, m'cifuwa mukulasa, kapena mwana waleka kugunda m'mimba. Kumbukiraninso kuti malungo amayamba monga cimfine, ndipo cowasiyanitsa ndico kupima mwazi.

Aphunzitsi ndi nonse odziwa kuwerenga, afotokozereni anzanu mau awa pabwalo ndi kuchalichi. Ulendo wa kucipatala ukacedwa tsiku limodzi, tingataye anthu awiri.