Nsanja ya ku Lisbon ndi nyali za asodzi ku Nkhotakota

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa funso lomwe lakhala likundizungulira m'mutu. Bambo ake ndi msodzi wa usipa. Usiku uliwonse iye ndi amayi ake amaima pagombe kuyang'ana nyali ya bwato la bambo, ndipo pakapita nthawi nyaliyo imasowa. "Aphunzitsi, nyali ikazima chonchija ndiye kuti chachitika n'chiyani?"

Nthawi zambiri nyaliyo siinazime ayi. Kuti timvetse, tiyeni tikacheze kaye ku Portugal.

Mumzinda wa Lisbon, pomwe mtsinje wa Tagus umayandikira kuthira m'nyanja ya Atlantic, pali nsanja yotchedwa Torre de Belém. Anayamba kuimanga cha m'ma 1514, mu ulamuliro wa Mfumu Manuel I, ndipo katswiri wa mamangidwe ake anali Francisco de Arruda. Ndi yamiyala ya laimu, yotalika pafupifupi mamita 30. Mu 1983 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Lero alendo amakwera masitepe ake opapatiza n'kumajambula zithunzi, koma poyamba inali yoteteza doko. Mizinga inali pansi, pafupi ndi madzi, kuti ilase ngalawa m'nthiti. Nanga kutalikako kunali kwa chiyani?

Dziko ndi lobulungira, choncho nawo madzi a m'nyanja ndi opindika. Maso athu amaona molunjika, ndiye pamakhala malire pomwe madzi amaoneka ngati akumana ndi thambo. Chilichonse chili kuseri kwa malirewo chimabisika ndi madzi enieniwo.

Malirewa amawerengeka ndi Pythagoras yemwe uja wa m'kalasi. Jambulani bwalo. Kuchokera pakati pa dziko kufika pamadzi ndi R, makilomita 6,371. Kuchokera pakati kufika pa diso lanu ndi R + h. Mzere wochoka pa diso n'kukhudza madzi, d, umapanga ngodya ya madigiri 90 ndi R. Choncho d² = (R + h)² − R². Poti h ndi kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi R, zimatsala d² ≈ 2Rh. Mwachidule, tengani square root ya kutalika kwanu m'mamita, muchulukitse ndi 3.6, mupeza makilomita.

Tiyese. Mukaima pamchenga, maso ali mamita 1.6 kuchokera pamadzi, mumaona makilomita 4.5 basi. Mlonda ali pa mamita 30 amaona pafupifupi makilomita 20. Taonani apa: wakwera kuposa inu pafupifupi ka 19, koma mtunda wangowonjezeka kupitirira pang'ono kanayi. Kuti muone kutali kawiri, muyenera kukwera kanayi.

Chinthu chomwe mukuchiyang'anacho chilinso ndi kutalika kwake, ndiye mitunda iwiriyo timaiphatikiza. N'chifukwa chake Ilala ikamabwera mumayamba kuona kumtunda kwake, thunthu pambuyo. Zinalinso choncho m'zaka za m'ma 1800, pomwe ngalawa za Jumbe zinkachoka ku Nkhotakota zitanyamula akapolo ndi minyanga ya njovu kupita kutsidya. Kwa wotsala pagombe, thunthu la ngalawa linkayamba kusowa, thanga n'kumaliza.

Tsopano tibwerere kwa mtsikana uja. Tinene kuti nyali ili mita imodzi pamwamba pa madzi: 3.6 kuphatikiza 4.5, ndi makilomita 8 ndi pang'ono. Bwato likapitirira pamenepo nyali imabisika, ngakhale ikuyaka bwinobwino. Mpweya umapinda kuwala pang'ono, ndiye nthawi zina mumaona patali kuposa apo. Mafunde a mwera ndi nkhungu zimachepetsa. Masamuwa sakulonjeza kuti pa nyanja palibe ngozi, koma nyali kusowa sikutanthauza kuti bwato lamira.

Mukhoza kudziyesera nokha popanda chipangizo chilichonse. Madzulo kukakhala bata, pitani kugombe ndi munthu wamkulu. Sankhani nyali yakutali kwambiri yomwe mukuiona mutaimirira, kenaka gonani chafufumimba pamchenga, pafupi ndi madzi. Ikasowa, dzukani, muionanso. Lembani kutalika kwa maso anu pa ulendo uliwonse, muwerengere d, mubwere nazo Lolemba.