Kompyuta Ikafa, Kodi Windows Imafera Limodzi?

Munthu amene laputopu yake yapsa n'kugula ina amaganiza kuti Windows imene analipira kale angoisamutsa ngati mbuzi yosintha khola. Sizikhala choncho nthawi zonse, chifukwa chimene timagula kwa Microsoft si pulogalamuyo, koma chilolezo choigwiritsa ntchito. Chilolezo cha OEM, chimene makampani monga HP, Dell ndi Lenovo amaikiratu m'makina awo, chimamangidwa pa kompyuta imodziyo basi. Kale nambala yake ya zilembo 25 inkakhala pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu, kamene kankafufutika ndi kutentha ndiponso thukuta la m'manja. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, nambalayo imasungidwa mu motherboard momwemo. Mukhoza kuikanso Windows pa makina omwewo kangapo konse, koma simungaisamutse. Chilolezo cha Retail, chogula pachokha, chimasamutsika, bola muchotse Windows pa kompyuta yakaleyo.

Ena amati kumanga chilolezo cha OEM pa kompyuta imodzi n'kudyera anthu masuku pamutu, poti ndalama analipira kale. Dandaulo lawo ndikulimva, makamaka kwa mwana wa sukulu amene makina ake aphedwa ndi magetsi obwera mwamphamvu. Komabe lamuloli lili ndi maziko: OEM imatsika mtengo chifukwa choti siisamutsika. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti ogulitsa ambiri samufotokozera wogula zimenezi, ndipo wogulayo amadzazindikira tsoka litagwa kale. Wina angati angoikamo Windows yobedwa, koma mapulogalamu oitsegulira mwachinyengo nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi. Amene thumba lake laperewera akhoza kuika Ubuntu, yomwe chilolezo chake chimalola kuiika pa makina aliwonse kwaulere.