Foni ngati Nankungwi: Kucheza ndi Atsikana a ku Likangala za Masamba a Mchezo

Pachikhalidwe chathu, mayi salangiza mwana wake wamkazi maso ndi maso pa nkhani za thupi ndi za amuna. Ntchitoyi ndi ya azakhali, agogo kapena anankungwi. Kuno ku Zomba, kumene Ayawo, Anyanja ndi Alhomwe akhalira limodzi, mtsikana amamva mwambo ku nsondo, ku chinamwali kapena ku chilangizo cha kumpingo. Dongosololi lili ndi nthawi yake, malo ake ndi eni ake. Foni ilibe zonsezi, koma ikugwira ntchito yomweyo, ndipo imafika kwa mtsikana anankungwi asadafike. M'chimangirizo chino ndifotokoza momwe munthu wamkulu angachezere ndi atsikana za mauthenga omwe amawapeza pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok, potengera zomwe ndakhala ndikuona pocheza Loweruka ndi atsikana a zaka 13 mpaka 17 a m'dera la Likangala.

Choyamba kudziwa n'chakuti ambiri mwa atsikanawa alibe foni yawoyawo. Amabwereka ya amayi usiku, ya achimwene, kapena amaunjikana asanu pa kafoni kamodzi ka Itel ka mnzawo poweruka kusukulu. Choncho kholo la ku Chikanda kapena ku Mpondabwino lomwe limadzitonthoza kuti "wanga sindidamugulire" likungodzinamiza. Kulanda foni nakonso kumathetsa zochepa, chifukwa foni inayo ili khomo lachiwiri.

Mauthenga onena za momwe mkazi ayenera kuonekera si achilendo. Makanema a ku Nigeria ankaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo m'misika, ndipo wailesi ya kanema ya TVM idayamba mu 1999. Kusiyana kwake n'kwakuti wailesi imaulutsa chinthu chimodzi kwa onse, mayi ndi mwana namvera limodzi, mwinanso nakangana pa zomwe amva. TikTok satero. Makina ake amawerenga masekondi omwe munthu wakhala pa kanema aliyense, zomwe wabwereza ndi zomwe wadumpha, kenaka amamubweretsera zina zofanana nazo. Atsikana ndimawafotokozera ndi chitsanzo cha wogulitsa kaunjika mumsika wa Zomba: akaona diso lako laima pa diresi lofiira, amakuvundukulira ofiira okhaokha, osati chifukwa amakukonda koma kuti usachoke pabenchi pake. Eni masambawa amapeza ndalama kwa otsatsa malonda, ndipo chomwe amagulitsa kwa otsatsawo ndi nthawi ya woonerayo. Ndaona kuti mfundo imeneyi imawagwira mtima atsikana kuposa chiopsezo chilichonse. Palibe wa Fomu 3 amene amakondwa kumva kuti wina akumudyera masuku pamutu.

Nkhani yomwe timachedwapo kwambiri ndi ya maonekedwe. Mu 2021 Frances Haugen, yemwe adali wantchito wa kampani ya Facebook, adaulula zikalata za kafukufuku wa kampaniyo. Zina mwa izo zidaonetsa kuti atsikana 32 pa 100 aliwonse omwe adafunsidwa adati akamadziona kuti thupi lawo silili bwino, Instagram imawonjezera kudzida kwawoko. Atsikanawo adali a maiko a azungu, kumene nkhawa yaikulu ndi kunenepa. Kwathu kuno nkhaniyi imavala malaya ena. M'Chichewa, kuuza munthu kuti "mwanenepatu" kwakhala kuyamikira, pomwe kuonda kumadzutsa manong'onong'o a matenda. Chomwe chimawasautsa atsikana athu ndi khungu ndi tsitsi. Foni ili ndi zosefera zomwe zimayeretsa nkhope, kufafaniza ziphuphu ndi kuchepetsa mphuno, ndipo mtsikana akazolowera nkhope ya pachithunziyo, ya pagalasi imayamba kumunyansa. Mapeto ake ndi mafuta oyeretsa khungu ogulidwa pabenchi, ena mwa iwo okhala ndi mankhwala monga hydroquinone ndi mercury, omwe amawononga khungu, ndipo mercury amafika powononga impso.

Ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kuvomereza kuti mawu athu omwe adakonzeratu njira. Mneni "kuyera" amanena za khungu lowala, za chovala chochapidwa bwino komanso za munthu wopanda tchimo. "Kuda" amanena za khungu, za litsiro ndi za chidani. Ndikawalembera atsikana matanthauzo amenewa pabolodi, amayamba kuseka, kenaka amakhala duu. Pamenepo m'pomwe timatenga chithunzi chimodzi cha pa tsamba la mchezo n'kuchifunsa mafunso: wachikonza ndani, akufuna chiyani kwa ine, nanga chomwe sadaonetse n'chiyani? Funso lachitatuli ndi lomwe limabala zambiri. Iwo eni amayamba kutchula diresi lobwereka, galimoto ya eni yoimikidwa pa Ku Chawe, zithunzi makumi awiri zomwe zidafufutidwa kuti chipezeke chimodzicho. Mwambi wa chikomekome cha mkuyu amaudziwa kuchokera ku pulayimale, koma amayamba kuukhulupirira akapeza okha nyererezo.

Ndisabise, pali malire a zomwe kucheza kungathe. Intaneti imalira bandulo, ndipo bandulo ya TNM kapena Airtel imalira ndalama yomwe mwana wa sukulu alibe. Apa m'pomwe amalowera achidyamakanda. Kale ankaima ndi galimoto pamsewu anthu akuona, lero amatumiza mayunitsi ndi kauthenga ka "wadya kale?" popanda mboni. Boma lathu lino la Zomba lili ndi umboni pa nkhani ya ndalamayi. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adachita kafukufuku wopereka kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu The Lancet mu 2012 zidaonetsa kuti patatha miyezi 18, mwa atsikana a pasukulu omwe ankalandira ndalama, 1.2 pa 100 aliwonse ndiwo adapezeka ndi HIV, pomwe mwa osalandira adali 3.0. Olandirawo ankapewanso zibwenzi ndi amuna akuluakulu. Nthawi imeneyo TikTok kudalibe, koma phunziro lake likugwirabe: mtsikana amakana mosavuta ngati m'thumba muli kanthu. Kholo lomwe lingathe kugula kabandulo kakang'ono, n'kudziwa kuti kachokera kwa ilo, latseka khomo lomwe ulaliki sungatseke.

Chovuta kwambiri kukamba ndi zithunzi za maliseche. Mnyamata kapena bambo amapempha chithunzi ngati chizindikiro cha chikondi, ndipo akachilandira chimasanduka chingwe: ukakana zomwe ndikufuna, ndichimwaza. Atsikana ambiri sadziwa kuti lamulo lili mbali yawo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti, ndiponso kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Kuyambira mu 2017, pomwe Malamulo Aakulu a dziko adasinthidwa, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Thandizo nalo silili kutali: bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili mu mzinda womwe uno, limayendetsa nambala yaulere ya 116, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Komabe nambala siithandiza mwana amene akuopa kwawo kuposa momwe akuopera womuzunzayo. Ngati mawu oyamba omwe angamve ndi akuti "hule iwe", adzasankha kumvera bambo uja. Amayi ndi azakhali ndimawapempha kuti mkwiyo auimike kaye tsiku limodzi, asafufute mauthengawo chifukwa ndi umboni, ndipo ayambe ndi kunena kuti wachita bwino kuulula.

Ena amati tingotengera dziko la Australia, lomwe kuyambira mu December 2025 lidaletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Ine ndikukayika. Kwathu kuno nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, chomwe munthu amalandira akakwana zaka 16, koma mtsikana wa zaka 14 amalowa pa intaneti m'dzina la amayi ake. Njira yomwe ndimaiona ya nzeru ndi yomwe adatenga a Zathu, pulogalamu ya achinyamata yomwe bungwe la Girl Effect lidayambitsa mu 2017: mwa nyimbo ndi sewero adaikamo Gogo woyankha mafunso. Adazindikira kuti mwana wa ku Malawi amamasuka kwa agogo kuposa kwa mayi. Azakhali a lero ayenera kukhala pansi n'kunena kuti, "Mwanawe, tandiphunzitsa TikTok wakoyu." Mtsikana akakhala mphunzitsi, amaonetsa zambiri kuposa akakhala wozengedwa mlandu.

Patsala vuto la mawu lomwe limandisowetsa mtendere. Timauza atsikana kuti asunge chinsinsi: asapatse munthu nambala yotsekulira foni, asaulule komwe amakhala. Ku chinamwali nako amauzidwa kuti za kumeneko ndi chinsinsi. Ndiye chidyamakanda naye amalemba kuti, "Izi zikhale chinsinsi chathu." Liwu ndi limodzi, ndipo mwana waphunzitsidwa kuti wosunga chinsinsi ndiye wamwambo. Mtsikana wina wa Fomu 2 adandifunsa kuti, "Achemwali, ndiye tizisiyanitsa bwanji?" Tidagwirizana kuti chinsinsi choteteza mwini wake tizichitcha chinsinsi, koma chomwe wamkulu akukakamiza mwana kubisira azakhali ake tizichitcha msampha, ndipo msampha umanenedwa tsiku lomwelo.